Kompuresa ya Lole Ikamataya Oilo: Kumata, Kukonza Kapena Kugula Ina?

Eni malole a ku Salima ndi ku Nkhotakota, makamaka amene amanyamula nzimbe, mpunga, chimanga kapena mchenga pa msewu wa M5, sachedwa kukumana ndi kompuresa yonyowa oilo. Kompuresa ndi makina aja omangidwa m'mbali mwa injini amene amapopera mpweya m'matanki, ndipo mpweyawo ndi umene umagwiritsa mabuleki, pomwe pa malole ena umathandizanso pa kilatchi, pa magiya ndi pa mpando wa dalaivala. Pa malole ambiri imayendetsedwa ndi magiya a injini, pa ena ndi lamba, koma chimene munthu ayenera kuchigwira poyamba n'chakuti kompuresa yotere nthawi zambiri ilibe oilo wakewake. Imalandira oilo wa injini kudzera pa kapaipi kakang'ono, oiloyo amafewetsa mabelingi ndi mapisitoni ake, kenako amatsika yekha kubwerera ku sampu (beseni la oilo la pansi pa injini), mwina kudzera pa bowo la pamene kompuresa yamangidwira, mwina kudzera pa paipi ina yokulirapo. Ndiye kuti dontho lililonse lotayika pa kompuresa lachoka mu injini, ndipo matenda ena a injini amaonekera pa kompuresa ngakhale kompuresayo ili bwinobwino.

Oilo akuthawira kuti?

Oilo amathawa pa kompuresa m'njira ziwiri, ndipo n'zosatheka kuyerekeza bwino njira zokonzera munthu asanadziwe kuti wake akuthawira kuti. Yoyamba ndi ya kunja, imene maso amaona: gasiketi ya pakati pa kompuresa ndi injini yatopa, kapaipi kobweretsa oilo kang'aluka kapena mawashala ake a kopa aphwatalala, chivundikiro cha kumbuyo kapena cha pansi chikuchucha, kapena, pa makompuresa a lamba, oil seal (labala lotsekera oilo pa shafiti) ya kuseri kwa pule yatha. Kudontha kotere kumadetsa injini, kumatolera fumbi ndipo kumadya ndalama za oilo, koma kawirikawiri sikukhudza mabuleki. Yachiwiri ndi ya mkati, imene sioneka pa injini n'komwe: oilo amadutsa maring'i a pisitoni, n'kusakanikirana ndi mpweya, n'kupita nawo ku air dryer (chida choumitsa mpweya usanalowe m'matanki), ku matanki ndi ku mavalavu onse a mabuleki. Iyi ndiyo yoopsa, chifukwa oilo wa injini amatupitsa ndi kufooketsa malabala a m'mavalavu, amapha timikanda toumitsa mpweya ta mu air dryer, ndipo akapsa ndi kutentha amasanduka mwaye wolimba umene umatseka paipi yotulutsa mpweya pang'onopang'ono. Lole imene ikutsika mitsetse ya M14 kuchokera ku Mvera itasenza matumba a feteleza sifunika valavu ya mabuleki yochedwa kuyankha.

Kupeza pamene oilo wa kunja akutulukira sikufuna chida chapadera, kumangofuna kudekha. Tsukani kompuresa yonse ndi mbali ya injini yoyandikana nayo ndi palafini, mupukute ndi nsanza mpaka chitsulo chiume, kenako mulize injini kufikira itatentha, inu mukuyang'ana ndi tochi kuyambira pamwamba kutsika m'munsi. Oilo amayenda motsika, ndipo mphepo ya fani imamukankhira kumbuyo, choncho pamene pakugwa dontho nthawi zambiri si pamene pali chilonda. Malo oyamba kunyezimira pa chitsulo chouma ndiwo akunena zoona. Si kamodzi kapena kawiri pamene kompuresa imachotsedwa pomwe oilo amachokera pa chivundikiro cha pamwamba pa injini n'kumaigwera. Muyang'anenso kumbuyo kwake, chifukwa pa malole ambiri pampu ya power steering imamangidwa pamenepo, ndipo mafuta ake, amene nthawi zambiri amakhala ofiira kapena oyererapo, amasiyana ndi oilo wakuda bii wa injini ya dizilo. Pa injini za Cummins N14, zimene zili m'malole ambiri akale a ku America, kumbuyo kwa kompuresa kuli pampu ya dizilo, ndiye fungo lokha lingakuuzeni kuti chikudontha n'chiyani.

Oilo wa mkati amadziwika potsegula timavalavu ta pansi pa matanki a mpweya. Ikani kabotolo koyera kodula pakati m'munsi mwa thanki yoyamba, ndipo zimene zatuluka muzisiye zidikhe. Madzi okhaokha, kapena madzi okhala ndi kafilimu kochepa ka oilo pamwamba, si nkhani ya kompuresa. Ndi chinyezi cha mumpweya, chimene kuno kunyanja chimachuluka m'nyengo ya dzinja. Zoyera zonanda zosonyeza oilo wosakanikirana ndi madzi, kapena oilo weniweni wakuda wodzaza pansi pa botolo pakangopita masiku ochepa, ndiye pali vuto. Kompuresa iliyonse ya pisitoni imadutsitsa oilo pang'ono ngakhale ili yatsopano, ndipo n'chifukwa chake kampani ya Bendix, yopanga zida za mabuleki a mpweya, inapanga kapu yoyezera yotchedwa BASIC, yosiyanitsira oilo wovomerezeka ndi wopitirira muyezo potengera masiku amene lole yayenda. Amakaniko ambiri amamasula paipi yotulutsa mpweya n'kuika pepala kapena katoni patsogolo pake, akaona timadontho n'kugamula kuti kompuresa yatha. Kayezedwe kameneka kamanamiza, chifukwa ngakhale kompuresa yabwino imasiya timadontho pa pepala. Chopindulitsa kwambiri pomasula paipiyo n'kusuzumira mkati mwake: mukaona mwaye wakuda wamata m'mbali mpaka bowo lachepa, dziwani kuti kompuresa yakhala ikupsa kwa nthawi yaitali.

Njira zosachotsa kompuresa

Njira imene ambiri amayambira ndi kungoisiya, n'kumawonjezera oilo m'mawa uliwonse. Ngati kudontha kuli kwa kunja, kuli kochepa, ndipo lole ili pakati pa ulendo kapena pakati pa nyengo yodula nzimbe ku Dwangwa pamene tsiku limodzi loima ndi ndalama zambiri, sindingamudzudzule mwini lole amene wasankha kudikira sabata imodzi, bola dalaivala aziyeza oilo asanalize injini. Koma pali kudontha kumodzi kwa kunja kumene sikudikirika, kwa kapaipi kobweretsa oilo. M'kapaipi kameneka oilo amayenda ndi mphamvu yonse ya pampu ya injini, ndiye kakang'aluka pang'ono lero, mawa kakhoza kuduka n'kukhuthula sampu yonse pa msewu m'mphindi zochepa, ndipo zikatero nkhani sikhalanso ya kompuresa koma ya injini yathunthu. Kudontha kwa mkati nakonso sikusiyidwa, chifukwa tsiku lililonse oilo amafika pa valavu ina yatsopano.

Yachiwiri ndi ya silikoni ndi mankhwala othira mu oilo. Silikoni wopakidwa kunja, pamwamba pa malo onyowa, ndi ndalama zotaya, popeza sagwira pa chitsulo cha mafuta ndipo oilo amangodzipezera njira m'mbali mwake. Wopakidwa mkati m'malo mwa gasiketi amagwira ndithu, koma wochuluka amafinyikira mkati pomanga mabawuti, ndipo nyenyeswa zake zimakatseka bowo lobwezera oilo ku sampu kapena timabowo topititsa oilo ku mabelingi. Apa m'pamene munthu amathetsa dontho la kunja n'kudzipalira kudontha kwa mkati kumene kunalibe. Mankhwala a m'mabotolo olembedwa kuti amaletsa kudontha amagwira ntchito potupitsa labala wouma. Sangalumikize gasiketi yong'ambika, sangabwezeretse maring'i otha, komanso amazungulira injini yonse pofuna kukonza malo amodzi. Kumangitsa mabawuti kuli m'gulu lomweli. Ngati anamasuka chifukwa cha mabampu, kuwabwezera pa muyezo wake kumathetsadi vuto, koma kuwonjezera paipi pa sipanala n'kukanikiza ndi thupi lonse kumathetsa mazinga kapena kung'alula khutu la kompuresa, ndipo khutu long'aluka silikhala ndi gasiketi yolichiritsa.

Yachitatu, imene ine ndimaiona kuti ndiyo yoyenera pa kudontha kwa kunja pafupifupi nthawi zonse, ndi kusintha chenichenicho chimene chatha: gasiketi, O-ring, oil seal, mawashala a kopa kapena kapaipi. Masipeya ake ndi otsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kompuresa, ndipo ntchito yake makaniko wodziwa angaigwire pa Kamuzu Road pompo kapena pa Boma ku Nkhotakota, osakokera lole kulikonse. Mawashala ndi kapaipi amasinthidwa kompuresa ili pamalo pake. Gasiketi ya pakati pa kompuresa ndi injini imafuna kuti kompuresa ichoke kaye. Chinsinsi chili pa ukhondo wa nkhope ziwiri zokumanazo, pakuti kachidutswa kamodzi ka gasiketi yakale kotsalira pakona n'kokwanira kubwezera dontho. Gasiketi yodula pa pepala lake logula ku sitolo ya masipeya imagwira bwino ikadulidwa mosamala, koma wodulayo aonetsetse kuti mabowo onse a oilo atseguka mokwanira, osati a mabawuti okha. Katoni ya sopo kapena chikuto cha kope si pepala la gasiketi. Pa oil seal, pitani chala pa shafiti pamene seal yakale inkakhuza. Mukamva kamzere kolowa, seal yatsopano idzadonthanso posachedwa pokhapokha itakhazikidwa posiyana pang'ono kapena shafitiyo itavekedwa kachitsulo kokonzera.

Gasiketi yatsopano ikayambanso kudontha pasanathe nthawi, musafulumire kunena kuti makaniko walephera. Injini yotha maring'i imadzaza utsi m'sampu, ndipo ngati kapaipi kopumira injini katsekeka, mphamvu ya utsiwo imakankha oilo pa malo alionse ofooka, kuphatikizapo pa kompuresa. Makompuresa ena olemera amakhalanso ndi chitsulo chowachirikiza kumbuyo, ndipo chikasowa kapena chikamasuka, kompuresa imagwedezeka pa msewu wa mabampu mpaka gasiketi kuphwanyika.

Musanatsegule chifukwa cha oilo wa m'matanki

Pano m'pamene ndalama zambiri zimatayikira, ndiye n'koyenera kukhalitsapo. Oilo akapezeka m'matanki, maganizo amathamangira ku maring'i, koma pali zinthu zingapo za kunja kwa kompuresa zimene zimaichititsa kudutsitsa oilo maring'i ali bwino. Chotchuka kuno kwathu ndi fyuluta ya mpweya. Lole imene imalowa m'misewu ya fumbi ya kuminda m'chilimwe imatseka fyuluta msanga, ndipo kompuresa ikalephera kukoka mpweya pakhomo pake, pisitoni potsika imayamwa oilo kuchokera m'munsi. Paipi yolowetsa mpweya yopindika kapena yofota mkati imachita chimodzimodzi, pomwe yong'ambika imalowetsa fumbi limene limapala silinda. Chinanso ndi njira yobwezera oilo: ikatsekeka ndi litsiro kapena silikoni, kapena paipi yake ikaikidwa mokwera m'malo motsetsereka, oilo amadzaza m'mimba mwa kompuresa mpaka maring'i kulephera kumupala. Pa injini zimene kompuresa imalandira mpweya wochokera ku turbo, turbo yotaya oilo imamwetsa kompuresa oilo amene si wake. Utsi wa m'sampu uja nawonso umalepheretsa oilo kubwerera.

Chimene anthu amachinyozera kwambiri ndi mpweya wotayika. Kompuresa sinapangidwe kuti izipopa nthawi zonse. Imapopa mpaka geji ifike pa muyezo wa pamwamba, kachida koyang'anira muyezo wa mpweya kotchedwa governor n'kuipumitsa, ndipo imayambanso mpweya ukatsika. Pa malole ambiri a ku America imapuma pakati pa 120 ndi 130 psi, ndiko kuti pakati pa 8 ndi 9 bar (psi ndi bar ndi miyezo ya mphamvu ya mpweya pa geji), n'kuyambanso cha m'ma 100 psi, pomwe malole ena a ku Ulaya amafika mpaka 12 bar. Bendix imanena kuti kompuresa isamapope kupitirira 25 peresenti ya nthawi imene injini ikulira. Tsono lole imene mapaipi ake akufwetera mpweya paliponse, yomwe dalaivala m'mawa amayamba waiponda kwa nthawi yaitali kuti mabuleki amasuke, kompuresa yake sipuma; imatentha, oilo amapyapyala, amadutsa maring'i, amapsa n'kutseka paipi, ndipo paipi yotsekeka imawonjezera kutentha komweko. Mukaphatikizapo dzuwa la mu Okutobala ku Salima, ndi timapaipi ta madzi oziziritsa hedi ya kompuresa totsekeka ndi dzimbiri chifukwa chothira madzi a pa mjigo okhaokha mu lediyeta, kompuresa iliyonse imagonja. Kuyeza kwake n'kosavuta. Dzazani mpweya, muike zoimitsa m'matayala, muzimitse injini, mumasule mabuleki oimikira, n'kuyang'ana geji kwa mphindi imodzi. Muyezo umene madalaivala a ku America amaphunzitsidwa ndi wakuti lole yokha isataye kupitirira 2 psi ndipo yokoka ngolo isapitirire 3 psi. Mutaponda buleki, malire ake ndi 3 psi ndi 4 psi. Ikataya kuposa pamenepo, thovu la sopo lopakidwa pa malumikizidwe onse lidzakuonetsani pofwetera.

Kukonza zinthu zimenezi ndi njira payokha, ndipo pa njira zonse za oilo wa mkati ndiyo yotsika mtengo. Fyuluta yatsopano, paipi yobwezera oilo yotsukidwa, ndi malumikizidwe angapo osinthidwa nthawi zina zimathetsa vuto kompuresa isanakhudzidwe. Ngakhale zitapanda kuthetsa, ntchitoyi sinapite pachabe, chifukwa kompuresa iliyonse imene idzaikidwepo ikanafa imfa yomweyo.

Kuitsegula, kugula yakale, kapena kugula yatsopano

Zonsezo zikakonzedwa koma oilo n'kumabwerabe, ndiye kuti vuto lilidi mkati. Masipeya okonzera kompuresa amabwera mitundu iwiri, ndipo ogula ambiri amaisokoneza. Pali a kuhedi, okhala ndi mavalavu, magasiketi ndi tizida ta unloader topumitsa kompuresa, amene amachiza kompuresa yochedwa kudzaza mpweya, yosapuma, kapena yolowetsa mpweya mu lediyeta; amenewa sathetsa kudutsa kwa oilo. Ndiye pali a m'munsi, okhala ndi maring'i, nthawi zina pamodzi ndi mapisitoni ndi mabelingi. Munthu akapita kukagula angonena kuti akufuna kiti ya kompuresa, akhoza kubwerako ndi ya kuhedi, lole n'kumangidwa, oilo n'kupitiriza ulendo wake.

Ubwino wokonza kompuresa yanu n'ngwakuti mukuidziwa, ikukwana pa injini yanu popanda kukayika, ndipo ngati inali yeniyeni ya WABCO, Knorr-Bremse kapena Bendix, chitsulo chake chimaposa cha zambiri zatsopano zotsika mtengo. Koma phindu lonse likudalira silinda. Maring'i atsopano mu silinda yokalika kapena yotha m'mbali sagwira, ndipo pakangopita milungu ingapo oilo amayambiranso. Pitani chikhadabo mkati mwa silinda: chikakodwa m'mizere yotsika, kapena mukamva chitunda pamwamba pamene maring'i amalekezera, silindayo ikufunika kuyezedwa ndi zida zoyezera, mwinanso kuboledwa n'kuikidwa pisitoni yokulirapo ngati ya mtundu umenewo ikupezeka. Ntchito imeneyi ndi ya malo okhala ndi makina ake, ndipo kwa ambiri a kuno zikutanthauza ulendo wa ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Salima, ndi oposa pamenepo kawiri kwa wa ku Nkhotakota wodzera njira yomweyo. Pomanga, maring'i ali ndi mbali yoyang'ana kumwamba, ndipo limodzi likatembenuzidwa limapopera oilo m'mwamba m'malo momupala. Mipata yawo isayang'ane mbali imodzi. Mabawuti a hedi amangidwe motsatana ndi pa muyezo wake. Zonsezi si zochitira pa mchenga pansi pa mtengo wa mango mphepo ya mwera ikuomba. Makaniko amene akufunsa tebulo loyera ndi tsiku lowonjezera si waulesi.

Kompuresa yakale yochotsedwa pa lole ina imakopa chifukwa cha mtengo ndiponso chifukwa imapezeka msanga, makamaka ya malole ofala monga Fuso Fighter, Isuzu Forward ndi Howo. Kuigula kuli ngati kusankha nsapato pa kaunjika madzulo kutada: mukhoza kutola yabwino, koma simungadziwe mpaka mutaiyendera. Zimene mungachite n'kuchepetsa mwayi wopusitsidwa. Zunguzani shafiti ndi dzanja mumve ngati ikuyenda mosalala, igwedezeni muone ngati ili ndi mpata, suzumirani pa bowo lotulutsa mpweya ngati muli mwaye wambiri kapena oilo wamadzimadzi, ndipo wogulitsa akalola, tsegulani hedi muone silinda. Imene yatsukidwa mpaka kuwala n'kupakidwa penti yatsopano sinanene chilichonse za mkati mwake. Mugwirizanenso musanalipire kuti ikakana mudzaibweza. Yochotsedwa pa lole imene yaima chifukwa cha ngozi imakhala yodalirikako kuposa yochotsedwa pa lole imene inafa ndi ukalamba. Ine njira imeneyi ndimaiwerengera ngati yopulumukira pa lole yachikale imene mwiniwake sakufuna kuikamo ndalama zambiri, kapena ngati pogulira thupi labwino loti muikemo maring'i atsopano pamene lanu lang'aluka.

Yatsopano ndiyo yodula, ndipo nayonso ili pawiri. Pali yeniyeni, kapena yokonzedwanso ku fakitale ya eni ake, imene imabwera ndi chitsimikizo. Ndiye pali zofanizira, zooneka chimodzimodzi kunja koma za mtengo wotsika. Zofanizira si zonse zoipa, ndipo pa malole a ku China kusiyana kwa mtengo pakati pa kiti yathunthu ndi kompuresa yonse nthawi zina kumakhala kochepa moti kukonza sikupindulanso. Vuto lake n'lakuti ubwino wake susiyanitsika ndi maso, ndiye chimene mukugula kwenikweni ndi mbiri ya wogulitsa ndi lisiti yake. Kaya mwasankha iti, nyamulani nambala ya pa kachitsulo komatidwa pa kompuresa yakale, kapena kompuresayo yeniyeniyo, popita ku Biwi mu Lilongwe kapena kwina kulikonse kumene mumagula masipeya. Makompuresa ofanana nkhope amasiyana mano a giya, mbali ya mabowo a madzi, kukula kwa pisitoni, ndiponso kukhala kapena kusakhala ndi polumikizira pampu kumbuyo.

Tikaziika pamodzi, lole imene imayenda maulendo ataliatali itasenza mokwanira, kudutsa mapiri a M18 popita ku Kasungu kapena kukwera M14 tsiku ndi tsiku, ndiponso imene ikaima kontilakiti imatayika, ikuyenera kompuresa yatsopano yeniyeni kapena yokonzedwa ndi munthu woyeza silinda. Lole ya mchenga ndi njerwa yozungulira m'tauni ikhoza kukhala bwino ndi maring'i atsopano kapena yakale yosankhidwa mosamala. Koma pakati pa kukonza kompuresa yeniyeni imene silinda yake ili bwino ndi kugula yofanizira yosadziwika kumene yachokera, ine ndingasankhe kukonza.

Pali njira inanso imene imatchulidwa, yoika katiriji ya air dryer (chitini chosinthika cha timikanda tija) ya mtundu wogwira oilo. Katiriji yotere imateteza mavalavu ku timadontho tochepa ndipo ndi yabwino pa lole iliyonse, koma sichiritsa kompuresa yotha, imangodzaza msanga. Zolambalala air dryer ndi paipi chifukwa yatsekeka, monga amachitira ena, ndiye n'kutsegulira oilo ndi madzi khomo la ku mabuleki.

Pomanga ndi pambuyo pake

Njira iliyonse yofuna kumasula kompuresa iyambe ndi kuika zoimitsa m'matayala, kutulutsa mpweya wonse m'matanki, kudikira injini izizire chifukwa cha madzi otentha a m'hedi, ndi kukhoma bwino kabini ngati ndi yopendeketsa. Pa injini zina giya ya kompuresa ili ndi chizindikiro choyenera kukumana ndi cha injini, ndiye muone buku la injiniyo kapena muike zizindikiro zanu musanachotse. Paipi yotulutsa mpweya ikhale yotsukidwa mpaka mwaye wonse utachoka, apo ayi isinthidwe, chifukwa kompuresa yatsopano yopopera m'paipi yotsekeka imatentha kuyambira tsiku loyamba. Katiriji ya air dryer isinthidwe nthawi yomweyo. Musanamange kapaipi kobweretsa oilo, tsimikizani kuti oilo akutulukadi, ndipo muthire pang'ono m'mabelingi kuti kompuresa isayambe kuzungulira youma.

Injini ikalira, yang'anani nthawi imene geji ikutenga kuchoka pa 85 kufika pa 100 psi injini ili pa liwiro lake logwirira ntchito. Pa lole ya matanki awiri a mabuleki, masekondi 45 ndiwo malire amene amaphunzitsidwa. Mverani ngati governor ikuipumitsa pa muyezo wake, ndipo mutsimikize kuti belu kapena nyale yochenjeza ikuyaka mpweya ukatsika cha m'ma 60 psi. Kenako pukutaninso kompuresa iume, muyende ulendo umodzi, n'kuyang'ananso ndi tochi. M'matanki oilo wakale amapitiriza kutuluka kwa milungu ingapo ngakhale kompuresa ili yatsopano, chifukwa anamatirira m'mapaipi ndi m'makona a matanki, choncho muzikhetsa matanki tsiku lililonse m'botolo loyera lomwe lija n'kumayerekeza. Ngati oilo akucheperachepera, ntchito inagwirika. Ngati akuchuluka, bwererani ku fyuluta, ku paipi yobwezera oilo ndi ku kapaipi kopumira injini musanakadandaule kwa amene anakugulitsani kompuresa.